Flywheel ya Corolla yakale: kusemetsa, kugula yopepuka, kapena kuisiya momwe ilili

Mwezi uno wokha anzanga atatu a pa Kamuzu Road kuno ku Salima andifunsa ngati n'kwabwino kupepukitsa flywheel, chimbale cholemera chachitsulo chimene chimazungulira pakati pa injini ndi klatchi, ndiye ndiyankhe kamodzi. Galimoto yanga ndi Toyota Corolla AE100 ya injini ya 5A-FE, malita 1.5, magiya apamanja. Imandinyamulira mpunga wa ku Lifuwu ndi usipa wa ku Senga Bay kupita nawo ku Lilongwe. Njira ziwiri ndaziyesa pa galimoto yangayi, yachitatu ndaiona pa ya alamu anga.

Zoti flywheel yopepuka imawonjezera mphamvu za injini, zimenezo zichotseni m'mutu. Injini ya masilinda 4 imaphulitsa mafuta kawiri basi crankshaft, mtanda umene mapisitoni amauzunguza, ikazungulira kamodzi, ndipo pakati pa kuphulikako chimene chimaikankha kuti isaime ndi kulemera kwa chitsulo chimenechi. Mukachipepukitsa, injini imakwera msanga mukathira moto, imatsikanso msanga mukachotsa phazi. Mahatchi ake, ndiye kuti mphamvu za injini, ndi omwe aja.

Ndiyambe ndi kusemetsa, chifukwa ndi kumene ndinapsa. Nthawi yosintha klatchi, munthu wina wa makina osemera zitsulo ku Lilongwe anandiuza kuti, "Bwana, poti mwatsitsa kale giyabokosi, tiipale kumbuyoku, galimoto iziuluka." Mtengo unali wochepa, ndinavomera. Tsiku loyamba ndinasangalala ndithu, pa giya yoyamba ndi yachiwiri inkadzuka ngati yatsopano. Koma nditafika pa Kaphatenga, ndodo ya magiya inali ikunjenjemera m'dzanja, kalilole wa m'kati osaonetsa bwino za kumbuyo. Anaisema osaibalansa, kutanthauza kulinganiza kulemera kwake mbali zonse. Za kubalansa sanatchule n'komwe, ndipo nditabwerera anati imeneyo ndi ntchito ina, ya ndalama zina, pamakina amene iye alibe.

Ndinapirira miyezi iwiri. Chimene chinandithetsa nzeru ndi chikweza cha mseu wa M14 mukadutsa ku Mvera. Ndinali ndi matumba anayi a mpunga, lole ya kutsogolo inaima, nanenso ndinaima. Kuti ndinyamuke, inazima katatu. Kachinayi ndinathira moto wambiri n'kumamasula klatchi pang'onopang'ono, fungo lopserera linadzaza m'galimoto monse, mayi a kunyumba akutsegula mawindo. Klatchi yatsopano imeneyo! Pamchenga wa ku Senga Bay zinali chimodzimodzi: ukangosiya moto pang'ono, zii. Kenako oyilo anayamba kudontha pakati pa injini ndi giyabokosi, seal yotchinga oyilo ya kumbuyo kwa crankshaft itatha.

Makaniko wanga wa kuno ku Salima, bambo wachikulire, atatsitsanso giyabokosi anaitenga flywheel ija n'kuipukuta ndi petulo, n'kundiitana. "Achimwene, bwerani muone." Pafupi ndi mabowo a mabawuti panali kamng'alu konga tsitsi. Flywheel za magalimoto amenewa ndi chitsulo chosungunula, cholimba koma chosachedwa kusweka ukachichepetsa pamalo olakwika. Chikasweka injini ili pa liwiro, zidutswa zimatha kuboola chikuto cha klatchi, ndipo mapazi a okhala kutsogolo sali kutali. Usiku umenewo sindinagone bwino poganiza ana amene ndinkawanyamula. Mukawerengera, ndinalipira kutsitsa giyabokosi kawiri, klatchi ziwiri, seal, ndi flywheel ina. Ndalama imeneyi wosema uja sanaiike pamtengo wake.

Yogula yopangidwa kale yopepuka, ya chitsulo cha chromoly kapena aluminiyamu, ndi nkhani ina. Imabwera yobalansidwa, ndipo mantha a kusweka ndi ochepa. Alamu anga a ku Nkhotakota anaitanitsa yotere kunja, ndipo pamseu wa M5 galimoto ili yopanda katundu imakoma kuyendetsa, magiya amalowa mwachangu. Komabe ikaima n'kumalira yokha, giyabokosi imachita phokoso ngati muli timiyala, ndipo kuzima ponyamuka kulipobe. Onjezani msonkho wa MRA, mabawuti atsopano, ndi kudikira milungu. Mano a m'mphepete mwa flywheel, amene sitata imagwira, muwawerenge asanakutumizireni, chifukwa akasiyana sitata siigwira.

Za petulo, sindinaone kusiyana kulikonse pa zitatuzi.

Ine ndinabwerera ku yoyambirira, yolemera. Tinaipeza pa injini ina yophwasula, tinangoiwongola nkhope yogwira klatchi, n'kumanga mabawuti ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwake, osati kungokoka ndi chipaipi. Amene galimoto yanu ndi yosewerera Lamlungu, gulani yopangidwa kale, musasemetse. Amene mumadyera galimotoyo ngati ine, isiyeni momwe a Toyota anaipangira. Sabata yatha ndinaima pachikweza chomwe chija ndi matumba asanu, ndinangomasula klatchi, inanyamuka kamodzi.