Snapshot Serengeti pa Zooniverse: ndemanga yanga patatha miyezi inayi

Nyenyezi 5 pa 5.

Chinandikokera ku Snapshot Serengeti, ntchito ya pa intaneti yozindikira nyama pa zithunzi, ndi mwana wanga wamkazi. Anandifunsa kuti nyumbu imaoneka bwanji, ine kukamwa kuli yasaa. Lero madzulo ambiri tikatha kudya timakhala pamkeka, foni ili pakati, n'kumawerenga nyama za ku Tanzania.

Akatswiri ofufuza za mikango a ku University of Minnesota anatchera makamera 225 m'nkhalango ya Serengeti kuyambira mu 2010. Kamera yotere simafuna munthu woidina. Imangomva kutentha kwa thupi la chinthu chimene chikudutsa, basi yajambula. Zithunzi zitawachulukira, mu 2012 anaziika pa Zooniverse, webusaiti imene anthu wamba amathandizirapo pa kafukufuku wa sayansi, kuti aliyense wofuna athandize, osalipira kalikonse. Chithunzi chikabwera mumasankha mtundu wa nyama, kuti zilipo zingati, ngati zikudya, zagona kapena zikuyenda, komanso ngati pali ana.

Ndikuchenjezeni za udzu. Mphepo ikagwedeza udzu umene watenthedwa ndi dzuwa, kamera imajambulanso. Pa zojambula pafupifupi 1.2 miliyoni za zaka zoyambirira, zimene munali nyama zinangopitirira pang'ono 320,000. Ndiye mukhoza kudutsa zithunzi khumi muli udzu ndi thambo lokhalokha, mpaka mtima kuyamba kugwa ulesi. Tsiku lina tili pafupi kuzimitsa foni, panatulukira fisi wojambulidwa usiku, mphuno yake itatsala pang'ono kugunda galasi la kamera, maso ali mbee ngati tochi. Mwana anakuwa mpaka agogo ake kutuluka m'nyumba kudzafunsa chachitika.

Chimene ndinkaopa kwambiri n'kulakwitsa n'kuwasokonezera anthu kafukufuku wawo. Agwape a mitundu iwiri, Thomson's gazelle ndi Grant's gazelle, anandizunguza mutu kwa milungu ingapo, kufikira nditazolowera kuyang'ana mzera wakuda bii wa m'nthiti mwa wa Thomson. Mtima unakhala pansi nditadziwa kuti chithunzi chimodzi chimaonedwa ndi anthu angapo, kenako mayankho awo amaphatikizidwa. Atayerekeza mayankho ophatikizidwawo ndi a akatswiri, anagwirizana pa zithunzi zoposa 96 pa 100 zilizonse. Choncho mukakayika, sankhani chimene mukuchiona kuti n'chapafupi, musachite kudumpha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthuwa anaganiza bwino kwambiri, chifukwa munthu wamba ngati ine amathandiza ndithu popanda kunamizira ukatswiri.

Zithunzi zimadya bandulo, makamaka zamasana zomwe nthawi zambiri zimabwera zitatu motsatizana. Ife timadikira ya usiku yotsikirako mtengo. Pa foni yaing'ono, gulu la mbidzi zosakanikirana ndi nyumbu limavuta kuwerenga, ndiye ngati muli ndi kompyuta yambirani pamenepo.