Zithunzi za makala za Ramon Casas zandikhutiritsa, koma cha njinga anachiononga posindikiza

Nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ndinaitanitsa zinthu ziwiri ku sitolo ina ya pa intaneti yogulitsa zithunzi zosindikiza: paketi ya nkhope khumi ndi ziwiri zimene Ramon Casas, wojambula wa ku Barcelona m'dziko la Spain, anajambula ndi makala, ndi chithunzi chimodzi chachikulu cha amuna awiri ali pa njinga imodzi. Ndakhala nazo miyezi itatu tsopano. Ndinadikira dala kuti ndiyambe ndazigwiritsa ntchito ndisanalembe chilichonse, chifukwa sindinagule zongokongoletsera khoma. Ine ndimajambula nkhope za anthu ndi makala. Ndinayamba ndili mwana kwathu, ndi makala otola pa mbaula, ndipo kuno ku Leeds ndimajambulabe Loweruka ndi Lamlungu ndikakhala kuti sindili pa ntchito. Ndinkafuna mphunzitsi woti ndizimuyang'ana pafupi.

Katundu anafika patatha masiku asanu ndi anayi. Nkhope zija zinali mu envelopu yolimba, pakati pa makatoni awiri, chilichonse chili ndi kapepala kopyapyala pamwamba. Palibe ngodya imene inapindika. Pepala lake ndi lochindikala, losanyezimira, loyera motuwirako, ndipo ukalisisita ndi chala umamva kukhakhala pang'ono. Apa ndi pamene ndalama yanga inagwira ntchito. Makala akasindikizidwa pa pepala lonyezimira amasanduka chikuda chimodzi chopanda moyo. Pa pepala ili ndimatha kuona pamene dzanja linakanikiza, pamene linangodutsa mopepuka, ndi pamene anafafaniza ndi chala kuti tsaya lioneke lozungulira.

Chimene ndachiyang'ana kwambiri ndi cha Pablo Picasso, wojambula wotchuka, chojambulidwa cha m'ma 1900, iye ali mnyamata wa zaka zosakwana makumi awiri, atavala chipewa chakuda. Ndinachiika pa tebulo pafupi ndi zenera, n'kuyamba kuchitsanzira. Tsiku lachitatu ndi pamene ndinazindikira chimene Casas ankachita. Mphamvu zake zonse amazithera pa maso, mphuno ndi pakamwa. Kutsika m'munsi, jekete ndi mizere yochepa yothamanga, ina yosakumana n'komwe, koma munthuyo waima ndithu ndipo thupi lake likulemera. Ine ndakhala zaka zambiri ndikudetsa pepala lonse, kuopa kuti ndikasiya malo oyera anthu adzati sindinamalize. Mwezi wathawu ndinajambula mayi wina wa ku tchalitchi kwathu, ndinasiya phewa limodzi lili mzere umodzi wokha. Atachiona anangoti, “Achimwene, mwandigwira ndithu.”

M'paketimo mulinso woimba piyano Isaac Albéniz, mlakatuli Joan Maragall, wosema Auguste Rodin ndi mnzake wapamtima wa Casas, wojambula Santiago Rusiñol. Kuseri kwa chithunzi chilichonse analembako dzina la munthuyo basi. Apa ndinadandaula pang'ono, chifukwa wogula amene sakumudziwa Casas sangadziwe kuti nkhopezi ndi kachigawo chabe ka ntchito yaikulu. Bamboyu anajambula anthu otchuka a nthawi yake ambirimbiri, olemba, oimba, andale ndi ojambula anzake, ndipo mu 1909 anapereka zithunzi zoterezi pafupifupi 200 ku myuziyamu ya mzinda wa Barcelona. Lero zili ku Museu Nacional d'Art de Catalunya, pa phiri la Montjuïc. Zambiri zinkatuluka m'magazini ya Pèl & Ploma, imene iye ankayendetsa ndi Miquel Utrillo kuyambira 1899 mpaka 1903. Kapepala kamodzi kofotokoza zimenezi sikakanawadyera ndalama ogulitsawa.

Casas anabadwira ku Barcelona mu 1866, m'banja lopeza bwino. Bambo ake anapeza chuma ku Cuba, ndipo kuchimayi kwake kunali mafakitale a nsalu. N'chifukwa chake anatha kupita ku Paris ali ndi zaka 15 zokha kukaphunzira kwa wojambula Carolus-Duran, ndipo pambuyo pake anakhala ku Montmartre, dera la mu Paris momwemo, pa malo ovinira a Moulin de la Galette, limodzi ndi Rusiñol. Ena akamva zimenezi amati anali mwana wa bwana wongosewera ndi utoto. Ine sindivomereza. Munthu wosewera sajambula Garrote vil, chithunzi cha 1894 choonetsa khamu la anthu litaunjikana kudzaonerera munthu akuphedwa pagulu, kapena La càrrega, m'mene msilikali wa pa hatchi akuthamangitsa anthu ndipo mmodzi wagwa pansi patsogolo pake. Ndalama zinamupatsa nthawi, zoona, koma nthawiyo anaithera pa kuyang'anitsitsa anthu. Ukatsanzira mizere yake umamva kuti dzanja ili linkagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Tsopano za njinga, zimene zachotsetsa nyenyezi imodzi.

Chithunzi chimenechi ndinachiona ndi maso anga ku Barcelona zaka ziwiri zapitazo, ndipo ndi chimene chinandidziwitsa dzina la Casas. Ndi chachikulu, pafupifupi mamita awiri. Anachijambula mu 1897 kuti chikapachikidwe mu Els Quatre Gats, malo omwera ndi kudyera amene anatsegulidwa chaka chomwecho mu msewu wa Montsió, kumene ojambula ndi olemba ankasonkhana. Casas mwiniwake ali kutsogolo, wawerama, akusuta fodya, akuyang'ana kumene akupita. Kumbuyo kuli Pere Romeu, amene ankayendetsa malowo, wamtali, wandevu, watembenuka kukuyang'ana iwe. Mu 1901 anachichotsa n'kuikapo china cha anthu awiri omwewo ali m'galimoto. Picasso anaonetsa zithunzi zake pa malo omwewa mu 1900, ndipo zambiri zinali nkhope za anzake zojambulidwa motsatira njira ya Casas.

Chimene ndinalandira ine chinabwera chokulungidwa mu chubu cha katoni, ndipo nditachitambasula mtima unangoti fwaa. Pepala ndi lonyezimira ngati la kalendala. Mitundu yofatsa ija, yotuwa ngati dothi louma, yasanduka yachikasu chowala. Choipitsitsa, kuti chikwane muyezo wa felemu yawo, anadula m'munsi mpaka matayala a njinga anatsala opanda pansi pake. Njinga yopanda poponda siyenda. Liwiro lonse la chithunzicho limachokera pa matayala awiriwo ndi misana yowerama, ndiye ukadula pamenepo watsala ndi amuna awiri ongokhala m'malere. Usiku ndikayatsa getsi, kuwala kumagunda pa pepalalo moti nkhope ya Romeu sioneka.

Ndinawalembera ogulitsawo n'kutumiza zithunzi za pa foni. Anayankha tsiku lotsatira mwaulemu, anapepesa, ndipo anandibwezera ndalama ya chithunzi chachikulucho osandiuza kuti ndichibweze. Pamenepo ndiwayamikire. Koma nditafunsa ngati angachisindikize chathunthu pa pepala lofanana ndi la nkhope zija, anati zithunzi zikuluzikulu zonse amasindikiza pa pepala lonyezimira lokhalokha. Ndiye amene mukufuna cha njingachi, funsani kaye mtundu wa pepala ndi muyezo wake musanalipire, ndipo yerekezani chithunzi cha pa tsamba lawo ndi chimene chili pa tsamba la myuziyamu.

Chinanso chimene ndikanakonda n'chakuti m'paketimo mukhale nkhope ya mkazi ngakhale imodzi. Onse khumi ndi awiri ndi amuna, pamene Casas anajambula akazi kwambiri, pa zikwangwani zotsatsa malonda monga cha mowa wa Anís del Mono cha 1898, komanso Júlia Peraire, mtsikana wogulitsa matikiti a lotale amene anamujambula kambirimbiri ndipo anadzakwatirana naye mu 1922, patatsala zaka khumi kuti Casas amwalire. Ndinkafuna kuona mmene ankagwirira tsitsi ndi khosi la mkazi ndi makala, poti pamenepo ndi pamene ine pamandivuta.

Paketi ya nkhopeyi ndagulanso ina yachiwiri. Ndikutumiza kumudzi kwa mphwanga amene wayamba kujambula, pamodzi ndi bokosi la makala ojambulira ndi kalata yomuuza kuti ayambire pa Albéniz, chifukwa ndevu zake zimaphunzitsa msanga kusiyanitsa pokanikiza ndi popepuka.