Magemu aunjikana: HowLongToBeat, Play Next ya Steam, kapena mayere?

Sitolo ya magemu ya pa intaneti ya Epic Games Store imagawa gemu yaulere Lachinayi lililonse, inzake ya Steam imatsitsa mitengo pakati pa chaka ndi pa Khirisimasi, ndiye munthu umangotola. Vuto limadza madzulo: uli ndi ola limodzi, koma likuthera poyendayenda pamndandanda. Njira zosankhira zilipo zingapo, koma sizilingana mphamvu.

Yothandiza kwambiri ndi webusaiti ya HowLongToBeat, chifukwa imayankha funso lenileni: gemuyi idya maola angati? Osewera amene anamaliza amalembako nthawi yawo, ndipo gemu iliyonse imakhala ndi manambala atatu, Main Story (nkhani yaikulu yokha), Main + Extras (pamodzi ndi ntchito zapambali) ndi Completionist (kumaliza chilichonse). Ambiri amalakwitsa poyang'ana nambala yoyamba yokha. The Witcher 3 imaoneka ya maola pafupifupi 50, koma amene amakonda kupatukira ku ntchito zapambali amafika maola 100. Ngati mumasewera maola 5 pa sabata, amenewo ndi masabata 20 pa gemu imodzi. Portal imatha m'maola atatu okha, A Short Hike osakwana awiri. Mungathe kukoka magemu anu onse a pa Steam n'kuwasanja kuyambira aafupi, bola profile yanu ndi gawo la Game details zikhale Public, apo ayi sipatuluka kanthu. Chofooka chake n'chakuti manambalawo ndi a anthu amene anafika kumapeto. Pa gemu yovuta ngati Hollow Knight kapena Celeste onjezeranipo maola, ndipo pa gemu yopanda mapeto enieni ngati Stardew Valley nambalayo musaiwerengere.

Play Next, shelefu imene Steam inawonjezera mu 2020, imapezeka mu Library mukadina Add shelf. Imakusankhirani magemu amene simunawakhudze poyerekeza ndi zimene osewera ofanana nanu amakonda. Ndi yachangu, koma sidziwa nthawi imene muli nayo, siona magemu anu a Epic kapena PlayStation, ndipo imakubwezerani ku mtundu womwewo umene mwina mwatopa nawo. Chabwino kuposa iyo chili mu Steam momwemo: pangani Dynamic Collection, sankhani Unplayed, onjezani tag ya Short. Mulu wonse uja umasanduka kamndandanda koti maso angathe kuwerenga.

Mayere amakoma pongowamva. Mukachita mayere pa magemu onse, akhoza kugwera Red Dead Redemption 2 kapena Baldur's Gate 3, iliyonse yofuna malo okwana 150 GB pa kompyuta. Kwa amene amagula intaneti ya bandulo, nkhani yathera pomwepo, pamene Celeste ndi ya 1.2 GB ndipo Stardew Valley ndi ya 500 MB. Mayere amagwira ntchito pokhapokha mwatsala ndi magemu atatu kapena anayi amene mwaona kale kutalika ndi kukula kwake. Webusaiti ya Backloggd nayo kwenikweni ndi kaundula wa magemu anu, ngakhale ili ndi ubwino umodzi: imakulolani kulemba gemu kuti Shelved (yoikidwa pambali) kapena Abandoned (yosiyidwa), isamakuvutitseninso maganizo.

Ine ndinganene kuti yambani ndi HowLongToBeat, muike magemu awiri okha pa makina, imodzi yaitali ndi ina yosapitirira maola 10. Iliyonse ipatseni maola awiri, malire omwewo amene Steam imagwiritsa ntchito pobweza ndalama ngati masiku 14 sanakwane chigulireni. Ikapanda kukugwirani mtima, ichotseni, muike ina.

Kumene magetsi amazimazima, onaninso mmene gemu imasungira pamene mwafika. Hades imasunga mukangolowa chipinda chatsopano, choncho mumataya mphindi zochepa. Hollow Knight imakubwezerani pa benchi imene munakhalapo komaliza, ndipo mabenchi ena ali patali ndi adani akuluakulu ovuta kugonjetsa. Musanadalire Offline Mode ya Steam, yosewerera popanda intaneti, tsegulani gemuyo kamodzi intaneti ilipo kuti update ithe, chifukwa gemu yodikira update nthawi zambiri imakana kuyamba.