Resource room ya kusekondale: mkati ntchito ikuyenda, imakanika pakhomo la kalasi

Pa sekondale ina m'boma la Chikwawa pali chipinda chothandizira ophunzira aulumali, chomwe aliyense amangoti resource room. Mphunzitsi wake anaphunzira ku koleji ya aphunzitsi a ana aulumali ya Montfort, ku Chiradzulu, ndipo ntchito amaidziwa. Makolo a ana osaona ndi ovutika kuona musakayike kupititsako mwana, koma mudziwiretu pomwe zimakanikira.

Ntchito imayenda motere. Mphunzitsi wa phunziro amapereka manotsi kapena mayeso ku chipindachi, katswiri wa chipindachi n'kuwalemba pamakina a Perkins m'zilembo za braille, timadontho towerenga ndi zala. Mwana akayankha m'braille, katswiriyo amalemba ndi cholembera pamwamba pa timadontho kuti mwini phunziro athe kuchonga. Tsamba limodzi la m'buku limadya masamba a braille awiri kapena atatu, choncho mayeso ayenera kufika patatsala masiku osachepera 3. Aphunzitsi ena amatero, ndipo ana awo amalemba limodzi ndi anzawo. Ena amabwera nalo pepala m'mawa wa tsiku lomwelo. Mwana amakhala pakhonde kudikira, anzake akulemba.

Apa ndiye pagona vuto. Mukamva mphunzitsi akuuza katswiri kuti "ana anu aja sanalembe", dziwani kuti mumtima mwake anawo si a kalasi yake. Sikuti ndi nkhanza nthawi zonse: munthu wa makalasi odzaza, amene ku koleji sanagwirepo pepala la braille, amaopa. Komabe zina sizilira ndalama. Wa masamu akamaloza pabolodi n'kumati "ichi tichotse apa tiike apa", wosaona sanamve kanthu; mphunzitsiyo angotchula manambalawo ndi pakamwa. Wachialubino akhale kutsogolo koma kutali ndi windo, poti dzuwa la kuno mu Okutobala limamuthobwa m'maso, ndipo pepala lake likhale la zilembo zazikulu. Ngati m'kalasi muli mwana wosamva, osayankhula nkhope ili kubolodi.

Zithunzi za Biology ndi Geography ndiye zikutsalira kwambiri. Katswiri amamata ulusi pakatoni kuti mwana apapase mtima kapena mtsinje wa Shire, koma sangadziwe chithunzi chofunika ngati mwini phunziro sanamuuze.

Zipangizo nazo zimavutika ndi nyengo ya kuchigwa. Fumbi la chilimwe limalowa mu Perkins mabatani n'kuyamba kukakamira, ndiye makinawo azivundikiridwa akangomaliza ntchito. Mapepala akagwira chinyezi kapena kutsinjiridwa ndi mabuku olemera timadontho timaphwa; awaimike m'mafayilo pashelefu yapamwamba, pokumbukira mmene madzi a namondwe Freddy analowera m'nyumba mu 2023.

Makolo, mwana akafika Fomu 2 kapena Fomu 4, pitani nokha kwa ahedi nthawi ya kalembera wa JCE ndi MSCE mukaone kuti ku MANEB alembedwa kuti akufunika pepala la braille kapena la zilembo zazikulu. Ofesi ikaiwala pamenepo, katswiri sangakonze patsiku la mayeso.