Ulendo wa basi wa tsiku limodzi ku Cashel, Blarney ndi Cahir: malo ngokoma, koma nthawi anaigawa molakwika

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Imodzi ndachotsayo ndi ya kampani ya basi, chifukwa cha mmene inagawira maola a tsikulo. Malo enieniwo ndilibe nawo mawu.

Amayi anabwera kuno ku Dublin, ku Ireland, kudzaona chidzukulu chawo. Atatha milungu itatu akungozungulira kunyumba, kutchalitchi ndi kushopu, ndinati ayi, asabwerere kumudzi osaona dziko. Galimoto tilibe, ndiye ndinalipira pa intaneti ulendo wa basi wopita ku malinga atatu akale: Rock of Cashel, Blarney Castle ndi Cahir Castle. Matikiti olowera anali momwemo mu mtengo, chakudya ayi. Khanda tinalisiya ndi bambo ake, ife tinanyamula mandasi ndi tiyi m'fulasiki, ulendo.

Tinanyamuka cha m'ma 7 koloko m'mawa, mwezi wa Ogasiti. Basi inali yaukhondo, yofunda bwino, ndipo dalaivala ndi yemwenso ankatifotokozera mbiri pa maikolofoni. Bambo ameneyu ndimuyamikire: mbiri ya dziko lake amaidziwa, ndipo potsika paliponse ankayamba wagwira Amayi dzanja. Chingerezi chake chokha n'chothamanga, moti ine ndinkachita kumasulira chapansipansi njira yonse.

Ku Cashel tinafika patatha maola awiri, kudzera msewu wa M8. Dera la Tipperary ndi minda yobiriwira ndi ng'ombe zokhazokha, kenako mwadzidzidzi pamatulukira chimwala chotuwa chotumphuka, pamwamba pake pali nyumba zazitali zopanda denga. Amayi anayang'ana pawindo n'kundifunsa kuti, "Mwanangu, miyala yonseyi anaikweza ndani pamwamba paja?"

Pamwalapo panali likulu la mafumu a Munster, chigawo cha kummwera kwa Ireland, kwa zaka mazanamazana, mpaka mu 1101 pamene mfumu Muirchertach Ua Briain inapereka malowo ku mpingo. N'chifukwa chake zimene mumaona mukakwera n'za tchalitchi: nsanja yozungulira yotalika mamita 28, yomangidwa cha m'ma 1100, ndi tchalitchi chachikulu chimene anachimanga pakati pa 1235 ndi 1270. Denga lake analisasula mu 1749, ndiye mukaima pakati pake mumayang'anizana ndi mitambo, akhwangwala akuuluka kudutsa m'mawindo opanda magalasi. Mphepo ya pamenepo si yamasewera, tengani jasi ngakhale dzuwa likuwala.

Amayi ndi a Katolika, a Lejiyo ya Maria, choncho malo amenewa anawalowa mumtima. Nditawamasulira nkhani imene anthu amakamba ya Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko la Ireland, yoti pobatiza mfumu Aengus pomwepo anaibaya phazi ndi ndodo yake ya ubishopu mosadziwa, mfumuyo n'kungopirira poganiza kuti ndi mwambo wa ubatizo, anaseka mpaka kugwira pamimba. Koma nditawauza za 1647, pamene asilikali a Lord Inchiquin, amene ankamenyera nkhondo Nyumba ya Malamulo ya ku England, anapha khamu la anthu amene anathawira m'tchalitchimo, ansembe ndi anthu wamba omwe, anangoti zii. Anapisa dzanja m'thumba la jasi, n'kutulutsa kolona, n'kuima pafupi ndi khoma milomo ikugwedera. Sindinawafulumizitse, ngakhale ndinkaona anzathu ayamba kutsetserekera kubasi.

Dandaulo langa lagona pamenepa. Anatipatsa ola limodzi lokha. Chinthu chamtengo wapatali pa Cashel ndi kachisi wamng'ono wa Cormac's Chapel, amene mfumu Cormac Mac Carthaigh inayamba kumanga mu 1127 ndipo anadalitsidwa mu 1134. M'kati mwake muli zotsalira za zithunzi zopenta pakhoma za nthawi imeneyo. Chinyontho chinaziwononga kwambiri, ndiye masiku ano amalowetsa anthu ochepa pa nthawi zoikika, ndi wowaperekeza. Zimenezo n'zomveka ndipo sindikutsutsa. Koma a kampani ya basi sanatiuze polipira kuti ndi ola lawo limodzilo mwayi wolowamo ngwochepa. Tinangozungulira kunja, tikusisita miyala yosema ya pakhomo. Mabwinja a Hore Abbey, amene ali m'munda kunsi kwa phirilo, tinangowaona patali.

Kuchoka apo tinalunjika ku Blarney, makilomita 8 kuchokera mumzinda wa Cork, ndipo kumeneko anatipatsa pafupifupi maola atatu. Ndikumvetsa chifukwa chake: anthu ambiri m'basimo anabwerera mwala wotchuka wa Blarney Stone. Linga limene lilipo lero analimanga Cormac MacCarthy wina, osati wa ku Cashel uja, mu 1446, ndipo pamwamba penipeni pa khoma pali mwala umene amati ukaupsompsona umakhala wa pakamwa potsekemera, wodziwa kunyengerera ndi mawu. Amakambanso kuti Mfumukazi Elizabeth I ya ku England inatopa ndi mwini linga wa nthawi yake, amene ankangoyankha mokoma osapereka chimene ankamulamula, ndipo kuchokera pamenepo dzina la malowa linasanduka liwu la Chingerezi lotanthauza mawu oshashalika.

Ngati mukupita ndi munthu wachikulire, mvetserani apa. Masitepe ake ngoposa 100, ozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo amanka napanikiza mukamakwera. Miyala yake inasalala ndi mapazi a anthu, pogwira ndi chingwe chokhuthala chimene chili pakati. Amayi atangosuzumira anapukusa mutu n'kunena kuti, "Pita wekha, maondo angawa sangalole." Ndinawasiya pa benchi. Mzere unali wautali moti ndinatha pafupifupi ola ndikukwera sitepe imodzi, kuima, inanso, kuima, mphuno ili pamsana pa munthu wosamudziwa. Pamwambapo umagona chagada, kugwira zitsulo ziwiri kumbuyo kwako, bambo wina wogwira ntchito pamenepo n'kukugwira m'chiuno, iwe n'kupendeketsa mutu chadodolido m'mpata wa khoma. Pansi pako pali zitsulo zotchinga, koma kudzera m'mipata yake umaona nsonga za mitengo kutali pansi, ndipo mtima umagunda ndithu. Milomo ikakhudza mwala wozizirawo, basi, zatha, wina agone. Sindikudandaula kuti ndinakwera, chifukwa pamwambapo umaona dziko lonse lozungulira, ndipo potsika umadutsa zipinda za banja la mwini linga ndi bowo limene ankaponyerapo miyala adani olowa pakhomo. Komabe ola lija ndinawasiya Amayi okha, ndipo mtima sunakhazikike.

Chimene chinatisangalatsa tonse awiri ku Blarney ndi minda yake. Kuseri kwa linga kuli munda wa zomera zapoizoni zokhazokha, zina zoopsa kwambiri anazitsekera m'timakola tazitsulo. Tikuwerenga zikwangwani, Amayi anaima dwii patsogolo pa chomera cha masamba ngati chikhatho. "Iii, nsatsi izi! Zomwe zimamera pa dzala kwathu zija?" Ndinawawerengera kuti njere zake zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin. Anati zoti njere sadya amazidziwa kuyambira ali mwana, n'kuyamba kundifotokozera mmene agogo ankakazingira nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama, odzola m'mutu ndi m'miyendo. Nkhani imeneyi sanandiuzepo chibadwire, ndinakaimvera ku Cork. Mandasi athu tinadyera pomwepo pa udzu, pafupi ndi kamtsinje.

Cahir tinafikako pobwerera, dzuwa litapendeka, anthu atatopa, ena osafunanso kutsika m'basi. Mphindi 45 zokha. Kwa ine apa ndi pamene kampani inalakwitsa kwambiri, chifukwa mwa atatuwa, Cahir ndi pamene munthu amamvetsa kuti linga linali chiyani. Linamangidwa pa kachisumbu ka mwala pakati pa mtsinje wa Suir, m'kati mwa tauni momwe, ndipo kuyambira 1375 linali m'manja mwa banja la Butler. Makoma ake ngathunthu, mabwalo atatu motsatizana, kuti mdani akathyola chipata choyamba apeze china chikumudikira. Chitseko chake cholemera chija chotsika kuchokera pamwamba, cha mano osongoka kunsi, chikadalipo, ndipo makina ochikwezera mumawaona m'chipinda cha pamwamba pake. Mu 1599 Earl of Essex, mkulu wa asilikali a Mfumukazi Elizabeth I, analilanda patatha masiku atatu akuliomba ndi mizinga, ndipo chipolopolo china cha mzinga chikadali chokanirira m'khoma mpaka lero. Dalaivala anatilozera, Amayi n'kuchita kuphimba maso ndi dzanja kuti achione bwino. Mu 1650 a m'lingamo anagonja kwa Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali a ku England, popanda nkhondo, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene silinagumulidwire ngati ena ambiri.

Kunonso Amayi anayenda momasuka, poti mabwalo ake ngosavuta ndipo chipinda chachikulu chodyera alendo chili pansi. Tinali tisanamalize n'komwe bwalo lamkati pamene tinamva kuitana kuti basi ikunyamuka.

Kwa amene mukuganiza zolipira ulendo ngati uwu, funsani kampani musanapereke ndalama kuti malo alionse mukhalapo nthawi yaitali bwanji, komanso ngati Cormac's Chapel mulowamo. Valani nsapato zogwira pansi. Ngati mumakhala konkuno ku Ireland, dziwaninso kuti Cashel ndi Cahir amayang'aniridwa ndi boma kudzera ku nthambi yake ya Office of Public Works (OPW), ndipo khadi lawo la chaka chonse la Heritage Card limakulowetsani konseko. Ku Blarney siligwira ntchito, poti malowo ndi a banja la Colthurst. Cashel ndi Cahir atalikirana makilomita osakwana 20, ndiye awiriwa okha akukwana tsiku lathunthu popanda kuthamangitsana.

Ku Dublin tinafika cha m'ma 8 koloko usiku, Amayi akusinza paphewa panga. M'mawa mwake akusambitsa khanda anandifunsa ngati kachisi tinamulephera uja amatsegula Loweruka. Bambo a mwana apeza kale galimoto ya hayala, tipitanso asanakwere ndege.