Logic analyzer kapena oscilloscope: muyambe kugula chiti?

Multimeter imakuuzani kuti pa waya pali 3.3V, koma singakuuzeni ngati sensa ikuyankha Arduino (kabolodi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono) ikaiitana. Apa m'pamene munthu amayamba kusakasaka chida choonera signal, thumba lili lopepuka.

Logic analyzer ndi chida choonetsa ma signal a digito, a 0 ndi 1. Yotchipa, ya tchipi cha Cypress FX2, ili ndi ma channel 8 ndipo imawerenga mpaka 24 MHz. Mukailumikiza ku kompyuta n'kutsegula PulseView, pulogalamu yaulere ya sigrok, imakumasulirani I2C, SPI ndi UART (njira zimene matchipi amalankhulirana) n'kukulemberani ma byte enieniwo. Mukaona kuti adiresi 0x68 (nambala yoitanira sensa pa I2C) yatumizidwa koma kwabwera NACK (chizindikiro choti palibe wavomera), mwadziwiratu kuti sensa yakhala chete, ndiye kwatsala kuyang'ana mawaya awiri a I2C, SDA ndi SCL, kapena adiresiyo. Vuto lake, imangodziwa 0 ndi 1 basi. Voteji ikamagwa kapena waya ukatola phokoso, iyo imajambulabe mizere yowongoka ngati zonse zili bwino.

DSO138 ya JYE Tech ndi oscilloscope (chida chojambula mmene voteji ikukwerera ndi kutsika) yomwe mumalumikiza nokha ndi solder, ndipo kulumikizako n'sukulu pakokha. Ili ndi channel imodzi, malire ake ndi 200 kHz. Pa amplifier ya mawu, pa PWM (signal yoyaka n'kuzima mofulumira) ya Arduino Uno ya 490 Hz, kapena pofufuza ngati capacitor ya pa power supply yatopa, imagwira ntchito. Muipatse I2C ya 400 kHz muone: makona onse a signal amasanduka timapiri. Ena amagwiritsa ntchito sound card ya kompyuta m'malo mwake, koma imathera cha pa 20 kHz, siiona DC, ndipo voteji ikangopitirira imapsa.

Oscilloscope ya Rigol DS1054Z ndi nkhani ina: ma channel 4, 50 MHz, ndipo imaonetsa zonse zimene ziwiri zija zimabisa. Ndalama yake mungagulire mulu wa ma logic analyzer. Samalani ndi kachopanira kake ka ground, n'kolumikizidwa ku earth ya magetsi a m'nyumba, ndipo mukakapanira polakwika padzatuluka utsi.

Ine amene ndimakhalira Arduino ndi ESP32 (kabolodi kena kofanana nayo), ndingayambe ndi logic analyzer, chifukwa mavuto anga ambiri amakhala baud rate (liwiro lotumizira deta) yolakwika kapena adiresi yosemphana. DSO138 ndingaigulire zomvera mawu zokha. Rigol idikire kaye mpaka tsiku lomwe ma byte onse ali olondola koma bolodi ikungodzizimitsa yokha.