Mkaka wa khanda: wa m'chitini, wa m'jumbo kapena wa nambala 3?

Amayi anzanga a ku banki mkhonde andifunsa za mkaka woti azigulira khanda mpaka ndatopa, makamaka amene akubwerera ku ntchito mwana asanakwane miyezi 6. Za bere palibe kukangana, chitini sichingalipose. Koma zikavuta, mkaka wogula ulipo wa mitundu itatu, ndipo umodzi ndimadana nawo.

Wa m'chitini chomata, wa ku famase kapena m'sitolo zazikulu, ndi wodula mopweteka. Ndalamazo mukulipira dzina la kampani, nambala ya batchi ndi tsiku lothera ntchito, kuti choipa chikapezeka zitinizo zibwezedwe. Si kuti ulibe chilema. Mu 2025 bungwe la Consumer Reports ku America lidayeza mitundu 41 ya mkaka wa makanda, ndipo pafupifupi theka lidapezeka ndi zinthu zapoizoni monga arsenic ndi mtovu pamlingo wodetsa nkhawa. Komabe mkakawu umayezeka ndipo mwini wake amadziwika.

Wa m'jumbo, umene amatapa m'thumba lalikulu n'kumagulitsa pang'onopang'ono pamsika, mwini wake ndani? Mlamu wanga adaugula atauzidwa kuti ndi womwewo wa m'chitini, kungoti wadutsa pa boda. Utasungunuka, pansi pa botolo padatsala matope oyera onunkha ngati zothira mu tiyi. Wogulitsayo mawa lake adakana kuti sakumudziwa.

Choopsa n'chakuti chinyengo china sichisiya n'komwe matope. Ku China mu 2008 anthu ankathira madzi mu mkaka, kenako n'kuwonjezera melamine, mankhwala opangira mbale zapulasitiki, kuti pa makina oyezera uwoneke ngati uli ndi mapuloteni okwanira. Ana pafupifupi 300,000 adadwala, ambiri miyala ya mu impso, ndipo 6 adamwalira. Mkakawo udali wa makampani odziwika, makamaka kampani yotchuka ya Sanlu, n'chifukwa chake udalondolozeka mpaka mabwana ake adamangidwa. Nanga wa m'jumbo mukalondola kuti?

Ena amati, "Ndiphitsa madzi, basi." Madzi otentha madigiri 70 amapha tizilombo, n'zoona, koma mtovu ndi melamine sizipsa. Ndipo madzi a pachitsime choyandikana ndi chimbudzi kapena munda wa feteleza amatha kukhala ndi nitrate, amene amalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya. Mukawabwatitsa nthawi yaitali, madzi amachepa, nitrate n'kuchuluka. Izi zimakhudza ndi wa m'chitini womwe.

Wa nambala 3, wa ana opitirira chaka, ndi kungotaya ndalama. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ndi wosafunika, ndipo wambiri amathiramo shuga. Pa msinkhu umenewo mkaka wa ng'ombe wophitsa ndi phala lothira nsinjiro n'zokwanira, bola mtedzawo musankhe bwino, wachuku mutaye, chifukwa poizoni wake amaononga chiwindi.

Ine ndimati gulani chitini chomata, ngakhale chaching'ono, muyang'ane pansi pake tsiku lothera ntchito. Chophwanyika kapena cha dzimbiri mubweze pa shelefu pomwepo.